Ndinafolera Sola

Abale anga, mukandiona ndili duu pamene anthu akukamba za ufulu, musamati ndine wofatsa ayi. Ndinalankhulapo kale ine, mokweza, nditavala jekete, ndipo mpaka lero kuno ku Mkanda ndikamadutsa pamjigo azimayi amayamba kutsokomola onse nthawi imodzi.

Zinayamba bwinobwino. Chaka chimenecho fodya anandiyendera, ndiye ndinati ndichite chinthu choti kumudzi kwa akazi anga kuno andiwerengereko. Paja ine ndine mkamwini, zaka khumi ndi ziwiri tsopano, ndipo apongozi anga aamuna, a Banda, ndi munthu wabwino koma kuyamika ndiye sakudziwa. Ungagalauze munda wonse wekhawekha, iwo angoyang'ana n'kunena kuti mizere yakhota. Iwo ankafuna ndigule ngolo. Ine ndinapalasa njinga kupita ku boma n'kubwerako ndi sola, batire ndi mababu awiri, kuti mayi a Madalo, akazi anga, aleke kusokera pa koloboyi maso ali misozi yokhayokha. Wasitolo, Mayi Zulu, anandipatsanso pepala la galanti, kunena kuti chikafa chisanathe chaka ndibwerere. Pepalalo ndinalikulunga m'pulasitiki n'kuliika pansi pa sutikesi. Kuwerenga? Ndani amawerenga zimenezo?

"Akamwini, ndiye mwasinthanitsa ngolo ndi galasi?" anatero apongozi nditafika.

Koma chinthucho chinagwira ntchito, inu! Nyumba mbee! Wailesi kulira tsiku lonse, anthu a mafoni aja anali atangoyamba kumene kumabwera kudzatchajitsa, mpaka apongozi eni akewo anayamba kufika nthawi ya nkhani, amvekere abwera kudzabwereka nkhwangwa. Nkhwangwa yake yobwereka tsiku lililonse koma osaitenga.

Kenako unafika Okutobala. Tsiku lina masana ndinakwera padenga kuti ndikapukute fumbi, kungogwira chonchi galasi lija, mayo ine! Chala chinachita kupsa. Ndinati katundu wanga akuwauka ndikuona. Tsono inu alimi anzanga tandiuzani, mbande za fodya zikamapsa ndi dzuwa ku nazale mumatani? Simumaphimbira ndi udzu? Ndinapita kwa apongozi kukafotokoza, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirireni anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Apa ndiye mwaganiza, akamwini." Ndinatsala pang'ono kulira. Iwo anakamweta udzu, anafulula luzi, tinaluka kachitseko ka udzu kokongola zedi, n'kukavundikira pa sola paja, mbali imodzi titamanga kuti mphepo isakaulutse.

Mayi a Madalo anayang'ana m'mwamba, anayang'ana bambo awo, n'kundikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Bambo a Madalo, kodi chinthuchi si paja munati chimadya dzuwa?"

"Nayenso fodya amadya dzuwa," ndinatero, "koma timamuphimbira. Inu zisiyeni izi, ndi za amuna."

Anangoti, "Chabwino." Ndipo chabwino wa akazi anga, anthuni, muzimuopa.

Pasanathe sabata babu linayamba kuphethira ngati chiphaniphani, wailesi ikalankhula mawu awiri n'kukomoka. Chodabwitsa n'chakuti nditapita kumaliro ku Kachebere masiku atatu, pobwera ndinapeza nyumba ikuwala. Kungokhala ine pakhomo masiku awiri, zii. Ndinati ayi, chinthuchi chikundiderera, kapena andigulitsa chotsika usiku pamalire.

Ndinachitsitsa, kuchikulunga m'bulangete, kumangirira panjinga, ulendo wa ku boma thukuta lili kamukamu. Mayi Zulu anachitulutsa panja padzuwa, analumikiza kachipangizo kawo koyezera, kasingano kaja n'kudumpha ngati kakundiseka.

"Bambo Phiri, sola iyi ilibe vuto. Mwaiika pati?"

"Padenga."

"Palibe mtengo wotchinga?"

"Ngakhale umodzi." Ndipo sindinaname.

"Mumaisamala?"

"Kuposa mwana!"

"Ndiye pepani, sindingakusinthireni chinthu chamoyo. Galanti ndi ya chakufa."

Ndinabwerera manja ali lende, kuikweza padenga, kuivundikiranso bwinobwino. Apongozi anangodutsa ndi kamawu kamodzi: "Ngolo sifuna galanti." Kanandilasa kamawu kameneko, sindinama. Kufa kwa sola sikukanandiwawa kwambiri, koma ine ndinaona kuti kaulemu kanga kochepa kaja kakufera limodzi nayo.

Tsono tsiku lina wailesi itatsitsimukako pang'ono, ndinamva bambo wina akufotokoza za ufulu wa anthu ogula. Amvekere wogula asamangogonja, akagulitsidwa chinthu chosagwira ntchito ali ndi ufulu woti amukonzere kapena amusinthire, wasitolo akakana alembe kalata, akakanabe akadandaule kwa oona za ogula. Wailesi inakomokera pomwepo, zotsalazo sindinamve, koma ine zinandikwana. Ndinathothola mapepala atatu m'kope la Madalo n'kulemba kalata yoti ngakhale loya akanaisirira. Mawu akuti ufulu ndinawalemba kasanu n'kawiri, kwinako ndi zilembo zikuluzikulu.

Ndinasankha tsiku loti sitolo yadzaza. Jekete, nsapato zopolisha, kalata m'manja. Kungolowa ndinayamba: "Mayi, nthawi yotitseka pakamwa ija inatha! Tinavota ife! Musaone ngati ndife a kumudzi, malamulo tikuwadziwa!" Anthu anasiya kugula, ena ochokera kumalire anatsitsa katundu wawo kuti amve bwino, bambo wina mpaka anaomba m'manja, ine ndiye kukwera nayo. Ndinalonjeza kuti nkhaniyi ndikaitula kwa oona za ogula, ndiponso pa wailesi dziko lonse limve.

Mayi Zulu anawerenga kalata yonse modekha, n'kuipinda. "Mwachita bwino kulemba, Bambo Phiri. Loweruka ndibwera ndekha ndidzaone pamene mwaiika. Vuto likakhala langa, ndidzakusiyirani yatsopano pomwepo."

Ndinapalasa kubwerera ndikuimba. Kufika kumudzi ndinalengeza khomo ndi khomo kuti Loweruka aliyense abwere adzaone m'mene wogula wodziwa ufulu wake amachitira, ndinauza mayi a Madalo aphike thobwa la mboni. Lachisanu anandipezanso kuseri kwa nkhokwe kuja.

"Bambo a Madalo, chonde, bwanji tichotseko kaye kaudzu kaja mlendo asanafike?"

"Kuti adzanene kuti sitisamala katundu?"

Ndipo kuti ndionetse kusamalako, ndinakwera n'kuwonjezera udzu watsopano pamene panali timipata.

Loweruka masana dzuwa lili phwee, njinga yamoto inaima pabwalo. Mudzi wonse unalipo, apongozi ali pampando wa ndalema kutsogolo. Mayi Zulu anapereka moni mwaulemu, anayang'ana padenga uku ndi uku.

"Nanga solayo ili pati?"

Ine monyadira, chifuwa patsogolo: "Si iyo, pamthunzi apo."

Mayi aja anayang'ana kachitseko, anandiyang'ana ine, anayang'ananso kachitseko, kenako anafuna pokhala n'kupeza mtondo, anakhala, n'kuphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedera. Ine n'kumati mwina akulira chifukwa aluza mlandu.

Pamenepo mayi a Madalo anatulukira ndi nsungwi yathu yothyolera mapapaya, anaikoleka ku kachitseko kaja, kamodzi kokha, pheu! katseguka. Osaphonya, osayesa kawiri. Dzanja lozolowera, anthuni.

"Mwaphunzira liti zimenezi?" ndinafunsa mawu akuchepa.

"Mukachokapo ulendo, bambo akapita kudimba, ndimatsegula. Ndikamva belu la njinga yanu ndimabwezera."

Ndiye kuti magetsi aja a pobwera kumaliro, ndiponso tsiku lija wailesi inandiphunzitsa ufulu wanga, zonsezo inali nsungwi. Bwalo lonse linagwa nako kuseka, ana kugubuduka m'fumbi, ine jekete ikundiwotcha ngati ndavala ng'anjo.

Mayi Zulu atapukuta misozi anandipempha pepala la galanti lija. Ndinakalitulutsa pansi pa sutikesi lili latsopano ngati la dzulo. Kuseri kwake kunali chithunzi chachikulu, chosafuna sukulu: dzuwa, sola, ndi mthunzi wokhwatchidwa ndi mzere wofiira.

"Ufulu wanu ulipodi, Bambo Phiri," anatero. "Chikanakhala chakufa ine n'kukana, mukanachita bwino kunditengera kumene munanena kuja. Pepalali lisungeni, likugwirabe ntchito. Koma muzilitembenuzako."

Ine maso anali kwa apongozi basi. Ndinadziwa kuti ngolo ija ikubwera tsopano, pamaso pa mudzi wonse, ndipo ndidzaimva mpaka kumanda. Anadzuka pang'onopang'ono, anakonza chipewa, anatsokomola.

"Mayi, musawaseke okha akamwini angawa. Udzuwo ndinamweta ndine, luzi ndinafulula ndine. Ndipo tayang'anani kalukidwe kake, mungakapeze ku boma kameneko?"

Anthu anasekanso, koma ine ndinangomva mawu amodzi. Akamwini anga. Anga! Zaka khumi ndi ziwiri ndikugalauza minda yawo, mawu amenewo ndinadzawamva tsiku limene ndinapusa pamaso pa mudzi wonse. Thobwa la mboni lija tinamwera limodzi ndi woimbidwa mlandu, apongozi akundipatsira chipanda.

Kachitseko kaja lero katseka khola la nkhuku, ndipo kakugwira ntchito bwino. Ine ndinalumbira kuti sindidzavalanso jekete ya ufulu ndisanatembenuze pepala, ndipo akazi anga akangoti "chabwino," ndimatsika pamakwerero n'kufunsanso kachiwiri.