Maliro a Mfumukazi ya ku France

Pali zinthu zina zimene ukazikumbukira uli pakati pa munda umangoponya khasu pansi n'kudzigwira pakamwa. Changa n'chimenechi.

Mwana wanga Esinati ndi nesi ku France. Atapeza mwamuna wachizungu, ananditumizira tikiti kuti ndikaonane ndi asebele, amayi a mwamunayo, ukwati usanachitike. Apa n'kuti bambo ake, a Phiri, titangowaika kumene kwathu ku Madzimoyo. Pondilandira, Esinati anandichonderera: "Amama, anthu aba ni aulemu wao. Chonde musanichititse manyazi." (Ine, mayi wa m'bungwe la kutchalitchi, kuchititsa mwana manyazi?)

Asebele, mayi woonda wosaseka wamba, anaganiza zokandionetsa chinyumba cha kumudzi komwe kunkakhala mfumu yawo yaikulu ndi mkazi wake. Nyumbatu nyumba! Mipando yagolide, magalasi mpaka kudenga, koma paliponse atamangapo chingwe chofiira kuti usakhudze. Ndinayenda mwaulemu, manja kumbuyo, nsapato zatsopano zikundiluma.

Kenaka tinalowa kuchipinda. Anthu anali pamzere, akuyenda pang'onopang'ono, mitu ili pansi, osalankhula. Pakati panali bedi loyalidwa bwino, maluwa ali pambali. Esinati anandinong'oneza: "Mfumukazi inamwalirira apa."

Abale, mzere wotere ine ndimaudziwa. Kwathu sudutsa pamene pagona munthu maso ali gwa ngati ukuona chimanga cha eni. Zofunsa kuti anatisiya liti sizinandibwerere. Ndinavula nsapato, ndinamanga chitenje pamwamba pa diresi (chinali m'chikwama, mayi sayenda wopanda chitenje), ndinalumpha chingwe chija n'kugwada kumutu kwa bedi. Ndinayambitsa nyimbo ya maliro ndikudikira kuti wina alandire. Palibe analandira. Linalandira ndi belu, kulira ngati ambulansi.

Pamenepo ndikanangodzuka. Koma maso anagwera pa pilo. Bedi limene anamwalirirapo amuna anga, abale awo analikweza pangolo tisanamete n'komwe, ine n'kutsala pamphasa. La mayi uyu analisunga, nsalu zili mbee, palibe analikhudza. Misozi yaulemu ija inasanduka yeniyeni. Ndinalira mokuwa ndikuitana a Phiri, ndikugubuduka pa kapeti wa mfumu, nkhope nditaikwirira m'zofunda za eni.

Alonda awiri anandinyamula m'khwapa ngati thumba la thonje. Azungu ena ankajambula.

"Amama!" Esinati anandikalipira panja, nayenso akulira. "Munthu uyu anafa kudala, zaka mazanamazana zapitazo, azungu akalibe kufika ku Chipata!"

"Nanga maluwa aja?"

"Ni apulasitiki!"

Tinakwera galimoto kubwerera. Titatsala pang'ono kufika, asebele analankhula motsitsa, maso ali pamsewu. Ndinafunsa kuti akuti chiyani. Esinati ananditanthauzira:

"Akufunsa ngati matenda aya ni akumtundu."

Ndinabwerako sabata yomweyo, ati tikiti inasintha. Masiku ano ndikafika pasiwa ndimayamba ndafunsa kuti malemu atisiya liti, ndipo anthu amandiyang'ana ngati mfiti. Ukwati wokha unachitika ndithu, ndipo Esinati anatchena zedi. Ndinauonera pafoni ya aphunzitsi oyandikana nafe. Pampando wa mayi wa mkwatibwi anakhazikapo nesi mnzake.