Mwera Wandilanda Loweruka

Lolemba

Ntchito za sabata ino:
1. Kutsuka njinga ndi kusoka khushoni.
2. Kumeta ndevu.
3. Loweruka, kuwauza Anajere zakukhosi.

Anajere amagulitsa mtedza ku Chipata. Loweruka lililonse ndimawanyamula pa kabaza wanga kukawasiya pa boda, thumba ulendo woyamba, iwo wachiwiri. Ndi amasiye, inenso chimodzimodzi. Chaka chikutha ndikupalasa, iwo kumbuyo akucheza ndi msana wanga, ine kutsogolo ndikuyankha msewu. Ndimawafuna mayi amenewa, kubisa kwatha. Ndikawauza pa chitunda chija timatsika n'kumayenda pansi.

Kanthu kamodzi kokha: pansi pa mimba, cha mphechepeche kumanja, panatuluka kachotupa miyezi yapitayo, pano kali ngati dzira la nkhanga. Ndikagona chagada kakulowa. Ndikatsokomola, ako katuluka!

Lachiwiri

Ndikanyamula thumba kakukula ndi kukoka ngati wina wapachikapo mwala. Koma ine ndi munthu wa njinga. Tayala likang'ambika chubu n'kutuzuka, timakulunga legeni, ulendo n'kupitirira. Ndadula chubu chakale, ndadzimanga m'chiuno, ndatsinika ndi kansalu pamwamba pa chotupacho.

Zotsatira: kuyabwa, thukuta, fungo la mphira. Kasitomala wina akuti, "Bambo, tayala lanu likupsa kodi?"

Lachitatu

Ndangouza munthu mmodzi pa siteji. Pofika masana onse ndi madokotala.

A Gelevazio, mkulu wathu wa kabaza amene khutu limodzi linagontha: "Ndi mwera umenewo. Ukatemere mphini."
Wosintha ndalama wa pa boda: "Ni kukhuta cabe, mudala, mwani soda."
Dalaivala wa thiraki: "Mchimwene wanga ankamanga lamba choncho. Tinamuika m'manda chaka chatha."

Dalaivala ameneyu sindikumukonda.

Anajere adutsa akuchokera kuchigayo. Ndabweza mimba mkati, ndaima njo. "Mwatani a kabaza, mwaima ngati msilikali?" Aseka, apita. Kuseka kumeneko ndikukumvabe mpaka pano.

Lachinayi

Kuchipatala chaching'ono, ndalowera chakuseri kuopa maso. Adokotala andiimika, aika dzanja, akuti nditsokomole. Aona legeni. Atuluka kaye panja, abwera akupukuta misozi.

Akuti ndi mweradi: mnofu wa mimba wafooka, thumbo likusuzumira pa mpatapo. Lamba satseka, mphini sizitseka, mankhwala akumwa palibe. Kutseka kwake ndi opaleshoni ku chipatala cha boma, ndipo ndi yaing'ono ukapita msanga. Ndisanyamule zolemera. "Chikadzauma, chikakana kulowa, chikamapweteka kwambiri kapena mukamasanza, muthamange. Thumbo likapanika limafa."

Ndavomera zonse ndi mutu. Mumtima ndikuti ndipita Lolemba. Thumba la Anajere ndani alisenze Loweruka? Ndikapanda kubwera alipo anyamata a njinga zamoto, onunkhira perefyumu, amene akhala akuwaimbira belu kuyambira kale. Mwera wadikira miyezi, udikirenso pang'ono.

Lachisanu

M'mawa: ndevu ndameta, khushoni yawala. Ndikuti ndiyeseretu za mawa, ndinyamule thumba la chimanga la aneba, ndione ngati legeni yatsopano igwira.

Sinagwire.

Chatuluka chonse, chauma gwa! Ndagona chagada, ndakankha, ndapemphera, chakana. Ndasanza kawiri. Ululu wake sindinauonepo chibadwire.

Wanditengera kuchipatala cha boma ndi mnyamata wa njinga yamoto, mmodzi wa a perefyumu aja, yemwe ndimamuda kwambiri. Amayendetsa bwino, ndipo zimenezi zandipweteka kuposa mwera.

Ndikulemba pa bedi, botolo la madzi likudontha m'mkono. Anamwino akuti, "Munatani kuchedwa?" Ndiwayankhe chiyani, kuti ndinkadikira chitunda? Ndevu ndinameta ndekha, iwo ametanso kwina. Akubwera ndi kabedi ka matayala.

Loweruka

Ndadzuka, ndili moyo. Adokotala akuti thumbo alipeza lisanafe, alibweza, atseka mpatawo. Akuti ndikanagona nacho kunyumba, bwenzi akudula thumbo, mwinanso anthu akuimba.

Malamulo:
- kuyenda pang'onopang'ono m'wodi
- potsokomola kugwira pabala
- njinga ndi matumba ayi, mwezi ndi theka!

Dzuwa lafika pa zenera. Nthawi ngati ino thumba ndakasiya kale, ndabwerera eni ake. Akanakhala atakwera, atagwira mpando wanga, akundiuza mtengo wa mtedza ndi mwano wa mpongozi wawo. Pano ali kumbuyo kwa msana wa wina. Ndawasowa koopsa. Wa bedi loyandikana akuti ndikulira ndi bala, ndamusiya aganize choncho.

Lamulungu

Anajere abwera! Chitenje cha kutchalitchi, nthochi m'manja. Akhala pamphepete pa bedi, maso ndi maso, koyamba popanda njinga pakati pathu. Ali ndi kachipsera pa chibwano, sindinkadziwa.

Mawu ndinakonza chaka chonse anali a pa chitunda, oyankhula munthu ukuyang'ana hendulo. Apa m'wodi monse amuna atukula mitu, anamwino aima ndi mathireyi. Ndatsegula pakamwa, chatuluka ndi chakuti, "Mtedza unayenda bwanji?"

Akuti unayenda. Akuti njinga yamoto anakwera ija imathamanga kwambiri, mphepo imatenga mawu, munthu sungacheze. Kenako: "Ndiye poti mwagona, mundisankhire ndinu wondinyamula mpaka muchire. Wokhulupirika."

Ndaganiza mofatsa za anzanga onse a pa siteji, mmodzimmodzi. Ndawapatsa a Gelevazio. Ndi agogo, mano anatha, ali ndi akazi awiri kunyumba, ndipo theka la nkhani za Anajere sadzalimva.

Apita. Sindinanene. Nthochi wadya ndi wa bedi loyandikana.