Tsiku Limene Ulemu Unandichulukitsira Akazi

Ndiyambe ndi kunena kuti galamala sinalakwe. Tinalakwa ndife, ine ndi Denise, koma manyazi onse anagwera ine ndekha, pamaso pa akazi anga, mumzinda wa Indianapolis.

Denise ndi namwino pachipatala china cha ku South Bend, kumene ine ndimagwira ntchito yokankha odwala pa njinga zawo (ine amene ndinaphunzitsa Chichewa kusekondale kwathu mpaka imvi zitamera, koma zimenezo tizisiye). Mayiyu ankafuna kudzacheza ku Malawi, choncho anandipempha kuti ndizimuphunzitsa chilankhulo chathu pa nthawi yopuma. Magulu a mayina ndinamuphunzitsa bwino lomwe: munthu, anthu, mwana, ana, mkazi, akazi. Zakuti timachulukitsanso munthu mmodzi pomupatsa ulemu ndinati ndidzamuuza akadzakhwima.

Tsiku lina anandimva ndikuuza mnzanga pafoni kuti akazi anga apita kumsika.

"Akazi?" anafunsa Denise, maso ali tong'o.

"Akazi," ndinayankha, ndili wokondwa kuti wophunzira wanga watola yekha liwu. "Ndipo timakhala mwamtendere."

Patapita masabata angapo anandiitana ku msonkhano wa gulu lawo kuti ndikalankhule za banja langa. Mutu wa msonkhanowo unali liwu lakuti polyamory. Sindinafunse tanthauzo lake. Munthu wa galamala safunsa, amaphwanya liwu. Mbali yoyamba ndi Chigiriki, kutanthauza zambiri. Yachiwiri ndi Chilatini, kutanthauza chikondi. Ndinadandaula pang'ono kuti aphatikiza zilankhulo ziwiri m'liwu limodzi, koma tanthauzo ndinalipeza: kukonda anthu ambiri. Nanga ndani angalankhule za kukonda anthu ambiri kuposa Mmalawi amene analera ana a mlongo wake ndi a mchimwene wake pakhomo limodzi?

Akazi anga, mayi a Chisomo, poyamba anakana.

"Ulendo wonsewo kukamva inu mukulankhula? Si ndimakumvani konkuno tsiku ndi tsiku?"

Anavomera nditawauza kuti mlendo wolemekezeka sapita yekha ngati mbeta yachimuna. Anavala duku lawo la kutchalitchi, ine ndinavala taye.

Tinafika m'chipinda china chochitira misonkhano ku Lawrence, m'mbali mwa Indianapolis. Mipando anaiika mozungulira, pakona pali khofi ndi makeke. Anthu ake anali aulemu ndithu, ena amsinkhu wathu. Atayamba kudziwana, bambo wina wandevu anati kumanja kwake kuli mkazi wake, kumanzere kuli chibwenzi chake, ndipo mnyamata amene akuthira khofiyo ndi chibwenzi cha mkazi wake uja. Onse anayi anamwetulira. Ndinaganiza kuti makutu anga andinamiza, poti Chingerezi cha kuno chimameza mawu. Mayi a Chisomo anandigunda ndi chigongono.

"Bambo a Chisomo, mwatibweretsa kuti kuno?"

"Dikirani kaye. Mwina ndi fanizo."

"Fanizo limathira khofi?"

Nthawi yomweyo Denise anaimirira. Anauza gulu lonse kuti lero ali ndi mlendo wapadera, mphunzitsi wake, amene ali ndi akazi angapo okhala mwamtendere, ndipo wabwera ndi mmodzi mwa iwo. Anthu anaomba m'manja. Kenaka anatembenukira kwa mayi a Chisomo, nalankhula Chichewa chimene ndinamuphunzitsa ndekha.

"Muli bwanji, amayi? Akazi ena ali kuti?"

(Ndiyenera kuvomereza kuti chiganizocho chinali cholondola kuyambira koyamba mpaka kumapeto.)

Mayi a Chisomo sanakuwe. Akanakuwa bwenzi zili bwino. Anangondiyang'ana, nati motsitsa mawu, "Eya, bambo. Ayankheni. Ali kuti?"

Muyenera kudziwa kuti ine ndinatsogola kubwera ku America, ndipo ndinakhala ndekha zaka zingapo iwo asanabwere. Achibale awo ankanong'ona zambiri nthawi imeneyo. Nkhaniyo inagona, koma sinafe. Ndinaona m'maso mwawo kuti yadzuka.

Ndinaimirira, ndinakonza taye, ndinayamba kufotokoza. Ndinati m'Chichewa munthu wolemekezeka timamuchulukitsa, ngakhale ali mmodzi. Ndinapereka zitsanzo: agogo, abusa, amfumu. Ndinatchula ngakhale mgwirizano wa mneni ndi mwininkhani. Anthu ankagwedeza mitu mwachifundo, ngati mmene timachitira ndi wodwala amene akunena kuti wachira. Mayi wina wa tsitsi lofiirira anandigwira pamkono.

"Musavutike, bambo. Muno simuyenera kubisa kanthu. Ambirife tinayamba ndi kukana."

"Sindikukana, mayi, ndikuphunzitsa!"

"Nanenso ndinkatero."

Ndinakhala pansi.

Apo bambo wandevu uja anatembenukira kwa mayi a Chisomo. Anati nsanje si chinthu chochititsa manyazi, ndipo anawafunsa kuti iwo akumva bwanji mumtima. Ndinadziwa kuti mayi a Chisomo sayankha, chifukwa amati Chingerezi chimawatopetsa nsagwada.

Anayankha. Anayamba ndi kundiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kunsapato, nati tsopano akhulupirira kuti akazi ena kulibe, pakuti palibe mkazi wachiwiri amene angapirire mwamuna wokonza galamala ya mnzake pakati pa pemphero. Anthu anaseka. Ine ndinapuma, ndikuyesa kuti mlandu watha. Koma iwo anapitiriza. Anati chibwerereni kuno palibe amene anawafunsapo funso limenelo. Analankhula za kuzizira, za msana umene umawawa chifukwa chonyamula okalamba kuntchito, za maliro a mayi awo amene anaonera pafoni ali m'galimoto pamalo oimikapo magalimoto. Zina mwa zimenezo ine ndinazimva koyamba tsiku limenelo, pamodzi ndi mnyamata wothira khofi.

Pobwerera, titatuluka mumzinda, mayi a Chisomo anandiyang'ana.

"Zochita za anthu aja sindikuzifuna," anatero, "ndipo ndikawapempherera. Koma amafunsana. Bambo uja ali ndi awiri, onse amawafunsa. Inu muli ndi mmodzi, wakukanikani."

Kuyambira pamenepo, Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, ndimakhala pampando n'kuwafunsa kuti akumva bwanji. Lamulo ndi lakuti ine ndizingomvetsera. Ndi ntchito yolemetsa kuposa kukankha odwala, koma ndinkaigwira mokhulupirika mpaka sabata yathayi, pamene anandiuza, misozi ili m'maso, kuti atopa ndipo akufuna kuritaya.

Ndinayesetsa, Mulungu ndi mboni. Ndinaluma mlomo, ndinayang'ana kudenga. Kenaka ndinangomva pakamwa panga patseguka pokha.

Chakudya cha tsiku limenelo ndinaphika ndekha, ndipo mpaka lero akundiyankha ndi mutu. Ndikudziwa kuti ndinalakwa. Komabe mawu oyenera si kuritaya, ndi kupuma pantchito.