Chingwe, Mbuzi ndi Kabichi wa Sitandade 6

Lolemba

Sabata ino kalasi yanga iphunzira chinthu chimodzi chokha: m'chilengedwe zonse n'zolumikizana. Lachisanu kukubwera oyendera sukulu kuchokera ku boma. Ndikufuna adzaone dimba lathu la kabichi, komanso ana odziwa kulifotokoza.

Ndatola chingwe chachitali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa sukulu. Mwana aliyense ndam'patsa dzina n'kumugwiritsa chingwecho: Phiri, Mtengo, Mtsinje, Chule, Kabichi, Mvula. Mmodzi akakoka, onse azigwedezeka. Phiri wakoka ndi mphamvu zake zonse, kalasi yonse pansi! Taseka mpaka misozi. Phunziro lalowa.

Lachiwiri

Dimba silinathiriridwe. Ndafunsa chifukwa chake. Akuti, "Aphunzitsi, Mvula sanabwere lero, amutuma kuchigayo."

Esinati, mtsikana wochangamuka kuposa onse m'kalasimu, wachedwa. Ndikungotambasula dzanja kuti nditenge ndodo, iye wayamba kale: "Mitengo yatha m'mudzi, nkhuni zili kutali, amayi achedwa nazo, phala lachedwa kupsa, ine ndachedwa. Zonse n'zolumikizana."

Ndodo ndaibwezera patebulo. Munthu wakhoza ungamumenye bwanji?

Lachitatu

Ochedwa lero ndi theka la kalasi. Zifukwa zake:

anthu amalima m'mphepete mwa mtsinje, ndiye mtengo wowolokerapo wakokoloka;

tchire analitentha, vumbwe wasowa mbewa, wadya tambala wodzutsa anthu;

chiperoni chabisa dzuwa, nyumba yonse imayesa sikunache.

Nawonso ahedi, a Namaona, afika belu litalira kalekale. Angondiyang'ana n'kunena kuti, "Musandifunse, achimwene. N'zolumikizana."

Kudimba kabichi wagwidwa ndi mbozi. Ana akuti tisathire mankhwala, angaphe achule. Tibwereke abakha a mayi akunyumba kwanga, adzadye mbozizo. Nzeru zake! Mtima wanga uli mbee.

Lachinayi

Abakha adya mbozi. Mbozi zitatha, adya kabichi wamng'ono yense. Wamkulu amene abakha anamusiya wadyedwa ndi mbuzi yoyera imene yakhala ikuyendayenda pasukulu pano kuyambira Lolemba.

Mbuziyo ndi ya a tcheyamani a chipani m'dera lino. Palibe akuigenda. Ahedi akakumana nayo akumaipatukira, pang'ono kuipatsa moni.

Titaweruka, akazi a tcheyamani afika. "Kodi aphunzitsi, simunaoneko chingwe chimene timasiya pamango paja? Mbuzi yathu tikusowa choimangira."

Chingwecho chili m'kabati mwanga. Ndachipereka ndi manja awiri, maondo atapindika pang'ono.

Lachisanu

Oyendera afika pa njinga yamoto, fumbi lili mbuu pa suti. Tapita nawo kudimba. Mwatsala ziputu ndi nthenga za abakha. "Kabichi uja ali kuti?" oyendera afunsa.

Titabwerera m'kalasi, Esinati waimirira kuti afotokoze. Wayambira pa Mvula wa kuchigayo, wabwera pa mbozi, pa abakha, wafika pa mbuzi.

"Mbuzi ya yani?" oyendera afunsa.

Ahedi akuyang'ana chithunzi cha mtsogoleri wa dziko chapakhoma, thukuta lili kamukamu. Dzina lina ukalitchula molakwika masiku ano, choko umachisiya pomwepo.

"Mbuzi ilibe mlandu, bwana," akutero Esinati. "Inasowa chingwe. Chingwecho anatenga ndi aphunzitsi, kuti atiphunzitse kuti ukakoka kuno kumagwedezeka uko."

Oyendera aseka mpaka kuvula magalasi. Akuti sanaonepo ana omvetsa phunziro ngati awa, koma pa zaulimi sukulu yathu yalephera kotheratu. Atachoka, ahedi akhala pansi pakhonde, apempha madzi akumwa.

Loweruka

Abakha abwerera kunyumba atanenepa, madeya sakuwayang'ananso. Mayi akunyumba akuti ndiziwabwereka pafupipafupi.

Pamsika wa Thuchila andiimitsa abambo ake a Esinati, mbande zili m'dengu pa njinga. "Ndinu eti mwamuuza mwana wanga kuti zonse n'zolumikizana? Ine ndathyola tiyi sabata yonse, lero ndimati ndipume. Wandituma kukafuna mitengo yodzala, akuti phala lizipsa msanga." Akudandaula, koma mano onse ali pamtunda. Tagawana chinanazi.

Lamulungu

Pobwera kutchalitchi ndapeza dengu pakhomo, lodzaza ndi manyowa a mbuzi. Mayi akunyumba akuti achokera kwa a tcheyamani, ndipo uthenga wake ndi wakuti, "Auzeni aphunzitsi kuti kabichi wawo uja wabwerera."

Ndavula jekete, ndakawathira m'dimba lopanda kanthu lija. Chiperoni chayamba kuwaza, phiri labisala. Mwina mbewu ya teremu yamawa idzakula bwino, ngati idzapeze mpata.

Mawa tiphunzira masamu ochotsera. Zitsanzo ndili nazo zambiri.