Mutu wa a Amosi

Kuno ku makomboni a pa esiteti ya tiyi, chinthu choopsa chinali kukomoka pafupi ndi apongozi anga, Mayi Alesi. Ukatero, unkatsitsimuka mutu uli wonyowa, dzina lako litasanduka Yosefe. Akazi ankadzuka ali Maria.

Ine sindikonda kutamanda anthu. Ku sukulu ya mishoni anatiphunzitsa kuti womwalira amafuna mapemphero, osati mayamiko. Choncho ndingonena zimene ndinaona.

Apongozi ali mtsikana, sisitere wina anawauza kuti wansembe akakhala kutali, Mkatolika aliyense angathe kubatiza munthu amene akumwalira. Zina zonse za tsikulo anaiwala, koma ichi chokha anachigwiritsa. Kuyambira pamenepo, m'dengu lawo lothyolera tiyi simunkasowa kabotolo ka madzi.

Chaka china dzuwa la Okutobala linagwetsa a Everson, mkulu wa mpingo wa Sabata, ali pamzere wa sikelo. Anthu akufunafuna chowakupizira, apongozi anali atamaliza kale.

"Mwandichita chiyani, mayi?" anafunsa a Everson akupukuta kumaso.

"Khalani phee, a Yosefe. Munatsala pang'ono kupita."

"Ine ndinabatizidwa kale, mumtsinje, thupi lonse!"

"Ndiye timadzi tochepati tikuwawani pati?"

Tsiku lina pa siteji anaona miyendo iwiri itatulukira kunsi kwa minibasi, ili zii. Anaponya dengu, nagwada m'fumbi, nayamba kukwawa botolo lili m'manja.

"Amayi, ndine Osman!" anakuwa dalaivala. "Ndikumanga nati! Ndiponso ndine Msilamu!"

"Ngati uli moyo uzigwedeza miyendo, mwanawe. Usamavutitse anthu akuluakulu."

Mpaka lero Osman amakonza galimoto akuvinitsa mapazi.

Bambo mfumu anaitana apongozi ku parishi. Anawauza kuti pali malamulo awiri: munthuyo akhale akumwaliradi, ndiponso akhale wofuna. Apongozi anamvera atagwada, chifukwa wansembe sankamutsutsa. Koma potuluka anauza mkazi wanga Lilly kuti mzimayi amene wabereka ana asanu ndi atatu amaidziwa imfa kuposa mnyamata wa ku seminale.

Onsewa anali ongodutsa. Mutu umene ankaufunadi unali m'nyumba mwawo momwe, wa amuna awo, a Amosi. Dzinalo lisakunamizeni: anawapatsa ndi kapitawo amene analephera kutchula la Chilomwe. Mkuluyu anaperekeza mkazi wake ku Misa moyo wake wonse, koma ankathera pansi pa mtengo wa bulugamu kunja kwa tchalitchi.

"Makolo anga anachoka ku Mozambiki wapansi, osathiridwa madzi," ankatero. "Kumene anapitako, inenso ndi komweko."

"Ndiye ine ndikalowe kumwamba ndekha ngati mbeta? Angelo akakandifunsa ndikati chiyani?"

"Ukawauze kuti ndili panja."

Anthu ankaseka, koma apongozi sankaseka. Pemphero lawo la korona la tsiku ndi tsiku linali la munthu ameneyu. Anayamba kumulondera. A Amosi akatsokomola, botolo latuluka. Akagona masana pansi pa mpeyala, mkonono ukangodukiza, ankadzidzimuka mkazi ali pamutu pawo, chivindikiro cha botolo chili pakamwa. Mapeto ake mkuluyu anagula chipewa cha mlaza, nachimanga ndi chingwe kuchibwano. Malungo atawagwira, anathawira kwa mlongo wawo ku Changata, ati kumeneko munthu amadwala mwaufulu.

Zidzukulu zinakula, zinabereka zawo, mpikisano uli chipitirire. Tonse tinkaganiza kuti a Amosi ndiwo adzatsogole, poti anali akulu. Sizinatero.

Chaka chatha, mvula itangoyamba, apongozi anagona osadzukanso bwino. Wansembe anabwera masana, nawadzoza. Atachoka, a Amosi analowa, nakhala pamphasa. Ine ndinali pakhomo, pamalo pa mkamwini. Ndinawaona akulimbana ndi mfundo ya chingwe chija. Anavula chipewa, naweramitsa mutu wa dazi.

"Make Lilly, botolo lako lili kuti? Thira."

Apongozi anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anawagwira pachipumi, monga ankachitira ndi ana.

"Simukutentha thupi, bambo a Lilly."

"Koma ndikufuna."

"Kufuna kokha sikokwanira. Malamulo ndi awiri. Inu muli gwa ngati chitsa. Pitani ku kalasi ya katekisimu ngati anthu ena onse."

"Ku kalasi? Ndi ana?"

"Musajombe. Ndikakusungirani malo."

Anamwalira sabata yomweyo. Pamaliro panali a Sabata, Asilamu ndi a Yosefe osawerengeka.

Tiyi akuphukabe, thirakitala ikubwerabe kudzatenga masamba, koma m'makomboni muno mwazizira. Loweruka lililonse ndimaperekeza a Amosi ku tchalitchi, pang'onopang'ono, chifukwa miyendo yatha. Amakhala pabenchi pakati pa ana ophunzira katekisimu, mutu uli pamtunda. Mapemphero amawasokoneza, ndipo ubatizo ndi wa pa Pasaka, kutali ndithu kwa munthu wa msinkhu wawo.

Sabata yatha anakweza dzanja ngati mwana wasukulu.

"A katekisiti, fulumirani pang'ono. Ndikagwa panjira lero, palibenso wondithamangira."