Tsiku limene ndinatsamwitsa agogo a ku Sri Lanka

Ndiyambe ndi kunena kuti palibe anamwalira. Kunangotsala pang'ono, ndipo viza ya Mami ikanatsagana nawo.

Mami amagwira ntchito pa nyumba ina yosamalira okalamba ku Wakefield, kuno ku Mangalande, ndipo chilolezo chathu chokhalira kuno chinamangiriridwa pa ntchitoyo. Ikatha, tonse tilongedza. Pa holide ndinkapita kukathandiza kugawa tiyi (si chifundo ayi, kusukulu ankafuna kalata yoti ndinagwirapo ntchito yongodzipereka).

Kumeneko kuli a Nimal, agogo a ku Sri Lanka amene mutu unayamba kutaya zinthu. Chingerezi chonse chinawathawa, kunatsala Chisinhala cha kwawo chokha. Chakudya ankakana, pokhapokha Mami atawaikira pa tabuleti mafilimu akale a kwawo, opanda mitundu aja. M'menemo simulephera kukhala bwana wamimba ndi wantchito wowonda ngati bango. Bwana akamayenda modzitukumula, wantchito ali pambuyo kutengera mayendedwe ake. Bwana akacheuka, mnzathu wayamba kupukuta khoma. Mawu sindinkamvapo ngakhale amodzi, koma ndinatolamo zambiri kuposa za chaka chonse kusukulu.

Ndiye linafika tsiku la oyendera. Manejala, mayi woyenda ngati bakha wochedwa basi, anawalowetsa m'chipinda chodyera. Mami anali kudyetsa a Nimal mpunga.

"Iwe, maso akowo ndawaona," anandinong'oneza. "Usayerekeze."

Ndinayerekeza.

Ndinalowa pambuyo pa manejala, phazi ndi phazi. Atacheuka anapeza ndikupukuta khoma ndi kathaulo. A Nimal anamenya tebulo: "Aiyo!" Kachiwiri ndinawonjezera chiuno. Kachitatu ndinalowetsa pilo m'malaya (iyi inali nzeru yanga, musanamizire a ku Sri Lanka). Agogo anaseka mpaka misozi, kenaka kuseka kunaduka pakati. Kukamwa kuli yasa, mpweya osatuluka, nkhope ikuchita phulusa.

Mami anawakumbatira chakumbuyo n'kufinya pamimba kanayi. Mpunga unatuluka n'kukatera pa nsapato ya woyendera. Ambulansi inawatenga, anagona m'chipatala masiku awiri.

Mami anaimitsidwa ntchito kudikira msonkhano. Kunyumba kunali ngati pamaliro. Masutikesi anatsitsidwa pamwamba pa wadiropu, mng'ono wanga n'kumafunsa m'Chingerezi ngati ku Lilongwe masukulu amakwapula.

"Iweyo akakukwapula," anatero Mami. Kenaka kwa ine: "Ndinagulitsa puloti ya bambo ako kuti tifike kuno. Ukumva?"

"Koma Mami, anasekatu."

"Akanakamalizira kusekako ku mochale?"

Kumsonkhano kunabwera mwana wa a Nimal, bambo wa tayi wochokera ku Leeds. Anati asanasankhe zodandaula kapena ayi, akufuna aone chimene ndinachita. Manejala ali pompo. Ndinayang'ana Mami, iwo anayang'ana kudenga. Ndinaimirira n'kuyenda, popanda pilo. Bamboyo analuma mlomo, mapewa akugwedezeka, nati filimu imeneyo ankaonera ndi bambo ake ali mwana, ndipo sadandaula.

Manejala yekha ndiye sanaone choseketsa. Mami anabwerera ku ntchito ndi chenjezo lomaliza: akangolakwitsanso kamodzi, basi. Ine anandiletsa kuponda ngakhale pageti, ndipo masutikesi aja sanakwerenso pa wadiropu.

Abusa a kutchalitchi kwathu anandifunsa chimene ndaphunzirapo. Ndinawayankha zoona: usanayambe, uziyang'ana kaye ngati oonera ameza.