Tsiku limene Nkando yense anavala nkhanga

Mpaka lero ndikamadutsa ku nyumba za akapitawo ku esiteti ya tiyi ndimafunda chitenje kumutu ngati kuli dzuwa, ngakhale kukuwaza mvula. Ambuye ndi abwino, anandikhululukira kalekale. Za amake Lonjezo ndiye sindinganene.

Ine ndine telala. Makina anga ali pakhonde la golosale ina pa Nkando, ndipo ndakhala ndikupalasa pamenepo kuyambira ana anga ali kumsana. Ntchito yake inali ya zigamba, mazipi ndi kupinda makabudula a sukulu. Ndimathokoza, inatilera. Koma mtima unkalakalaka kusoka zaukwati, zija za malesi ndi mikanda.

Amene anandilowetsa m'zimenezi ndi alamu anga a Esinati. Iwo amaoda nsalu ku Milange, tsidya la Mozambiki, n'kumagulitsa pa Muloza.

"Alamu, masiku ano telala wosaoneka pa foni ndi wakufa," anatero. "Dzina limachita kumangidwa. Mukasoka, jambulani, ponyani."

Anandisiyira foni yawo yakale, yopalasa ndi chala ija, n'kunditsegulira tsamba pa intaneti. Tinalitcha Manja Odala (ine ndinkafuna vesi lathunthu, anati silikwana).

Abale anga, chinthu chija chinandizunguza mutu. Ndikangoponya siketi, tizala tinkadzuka, timitima tofiira mbwee. Munthu wa ku Mzuzu wandiona bwanji ine wa pakhonde? Chithunzicho chimadumpha phiri kapena chimachita kulizungulira? Ndinafunsa a Esinati, anati ndisiye mafunso a ana. Aliyense woika chala ndinkamuyankha payekha kuti "Ambuye akudalitseni," mpaka bandulo kutha.

Ndiye kunabwera amake Lonjezo, akazi a akapitawo a ku tiyi. Mwana wawo Lonjezo anali ndi chinkhoswe, mwamuna wake wa ku Blantyre. Kwathu kuno pa chinkhoswe banja limasankha nsalu yakeyake, timati yunifomu. Amavala ndi abale okha, kuti akuchimuna adziwe eni mwana, komanso ogawa chakudya adziwe oyamba kuwapatsa mbale. Mayiwo anayang'ana uku ndi uku asanatulutse nsaluyo m'chikwama. Inali ya buluu, ya nkhanga zachikasu.

"Amake Tadala," anandiitana ndi dzina la mwana wanga woyamba, "mukandisokera bwino izi, zaukwati zonse ndi zanu, ndi za operekeza zomwe."

Ndinatsala pang'ono kugwada pa simenti. Pemphero langa la zaka linali limenelo. Koma kuyang'anayang'ana kwawo kuja sindinakuganizire, ndinkayesa akuopa akuba.

Diresi loyamba litatha linakongola moti ndinalizungulira ndekha ndikuimba. Ndinalipachika pa hang'ala, kujambula, kuponya, n'kulemba kuti: "Taonani zimene Yehova wachita. Chinkhoswe cha ku esiteti, Loweruka loyamba la mwezi wa mawa." Posakhalitsa a Esinati analemba m'munsi mwake: "Nsaluyi ilipo kwa ine pa Muloza, fulumirani." Ine ndinaikapo chala (inde, ndi dzanja langali).

Sabata yomweyo amayi anayamba kufika ndi nkhanga m'majumbo. Woyamba ndinamufunsa, "Inunso ndinu achibale a amake Lonjezo?"

"Aaa mayi, tonsefe si ana a Adamu? Ndiyezeni apa."

Ndinayeza. Kunabwera ogulitsa mandasi, amayi a pachigayo, aphunzitsi a sukulu ya mkaka. Bambo wina wa kabaza anafuna shati. Ndinkangodabwa kuti banjali ndi lalikulu bwanji, mwina ena achokera ku Mozambiki. Chilichonse ndikamaliza ndinkaponya, ndipo ndikaponya ankabweranso ena. Lachinayi ku msonkhano wa amayi ndinaimirira n'kupereka umboni kuti Mulungu watsegula mazenera akumwamba. Amene anafuula "Ameni" kwambiri anali ndi nsalu yawo m'chikwama.

Tsikulo linafika. Nditalowa m'holo ndinangoona nkhanga zokhazokha. Nkhanga kutsogolo, nkhanga kumbuyo, nkhanga m'mawindo, zina zitabereka ana. Akuchimuna anali pa mabenchi awo pakona, atavala zofiirira, akungophethira.

Amalume a Lonjezo anatenga chimkuzamawu. "Tsopano abale a mkazi aimirire, kuti apongozi athu awadziwe."

Holo yonse inadzuka.

Kenako amalume a mwamuna anakanda pakhosi. "Pepani akuluakulu, tingofunsa. Mwana wathuyu akukwatira pakhomo, kapena akukwatira boma lonse la Mulanje? Chifukwa tambala tabweretsa mmodzi."

Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Amake Lonjezo sanaseke.

Zinafika poipa pa chakudya. Ophika anali atauzidwa kuti ayambe ndi a nkhanga, alendo adzadye pambuyo modekha. Iwo anamvera. Bambo wa kabaza uja anapatsidwa ntchafu ya nkhuku akutchedwa amalume. Mzere usanafike pakati, mpunga unali utatha. Azakhali enieni a Lonjezo ananyambita msuzi, ndipo alendo a ku Blantyre anabwerera ndi thobwa lokha m'mimba.

Ndinati ndizembere kuseri kwa holo, koma amake Lonjezo anandipeza komweko.

"Amake Tadala, ndinakupatsani nsalu kapena ndinakupatsani wailesi?"

"Pepani mayi, ndimati ndimange dzina."

"Mwamanga. Ndipo icho chili kumutucho n'chiyani?"

Ndinagwira kumutu. Ndinali nditaiwala kuti zidutswa zotsala ndinalumikiza n'kusokera duku langa. Ndinalivula n'kugwada pafumbi pomwepo. Iwo anangopukusa mutu n'kumapita.

M'mawa mwake ndinaimbira a Esinati ndikulira. Anati, "Alamu, mukulira chiyani? Ine nsalu yatha yonse, inu tsamba lakula." Zoonadi anthu anachuluka patsambapo, ndipo ntchito sikusowa, ndithokoze Mwini wake. Koma zaukwati zija zinapita kwa telala wina wa ku Boma. Ndinamva kuti nsalu yake inkayenda m'thumba la chimanga.

Lonjezo, mwana wa mtima wabwino, anandiitanabe ku ukwati wake. Foni ndinaisiya kunyumba pansi pa Baibulo, nditalonjeza kuti za anthu sindidzajambulanso osapempha. M'tchalitchi ndinakhala kumbuyo kwenikweni. Koma mkwatibwi atadutsa, ndinaona mmene telala uja anapindira malesi a m'khosi, kapindidwe kamene sindinakaonepo chibadwire. Anayambira kuti? Ulusi anaubisa bwanji? Ndinabwereka foni ya mayi amene ndinakhala nawo pafupi n'kujambula kamodzi, kuti ndikaphunzirepo basi.

Sindinaponye ayi. M'tchalitchi muja munalibe netiweki.